Uthenga Wopanda Moni

Aphunzitsi athu a zamalonda anatiuza kuti uthenga wa bizinesi uzikhala waufupi: katundu amene ukufuna, kuchuluka kwake, tsiku, basi. Nditangotuluka m'kalasi ndinayesera pa azakhali, amene amatipikulira sopo wogulitsa m'golosale ya amayi.

Ndinalemba pafoni kuti, "Makatoni awiri a sopo, Lachisanu m'mawa."

Anawerenga, koma sanayankhe. Ndinakhala pabenchi, kudzuka, kuzungulira laibulale, maso ali pafoni. Nditafika kugolosale ndinasesa pomwe ndinali nditasesa kale. Pashelefu sopo anali atatsala pang'ono kutha.

"Iwe, ukungoyendayenda bwanji ngati waponda moto?" anafunsa amayi.

Nditawaonetsa uthengawo, anagwira pakamwa.

"Alamu anga ukuwatuma ngati wantchito wako? Osafunsako ngakhale za mwendo wawo uja?"

"Amayi, pabizinesi sitizungulira. Taphunzira lero lomwe."

Lachisanu linafika, sopo osaoneka. Masana foni inalira. Unali uthenga wa azakhali.

"Ndadzuka bwino mwananga, mwendo ukupola. Zikomo pofunsa."

Za sopo sanatchule n'komwe.