Dontho Lofiira pa Supuni

"Palibe," anatero amuna anga akuchotsa supuni m'kamwa. "Ngati madzi a pampopi."

Anatseka botolo n'kulibwezera pamwamba pa kabati, kuseri kwa mbale za alendo. M'mawa uliwonse zinkatero: dontho limodzi la mowa wofiira wa ku Italy pa supuni yaitali, iwo n'kutsinzina, ine chilili ndi kansalu kopukutira mbale m'manja.

Amuna anga anamerera imvi kuseri kwa kauntala ya bala, pahotela ina yaikulu. Makasitomala ankawatcha a Supuni. Chakumwa chimene chinawatchukitsa chinali cha mabotolo atatu: jini, vinyo wotsekemera wa zitsamba, ndi mowa wofiirawo, wowawa moti iwo ankati ngakhale nyerere zimaulambalala. Muyezo wofanana, ayezi wamkulu, kutakasa mwaulemu, kenako kufinyira khungu la lalanje pamwamba. Ankati kuyeza aliyense angathe, koma vinyo akakhalitsa amasintha, ayezinso amasungunuka malinga ndi tsiku. Choncho tambula isanapite kwa mwini wake, ankaviikamo kapaipi komwera, kutseka ndi chala, n'kudonthezera palilime. Lilime limenelo ndilo linkatidyetsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kunabwera chotupa cha pakhosi, madokotala anachiwotcha ndi makina awo, chotupa chinaphwa, koma lilime linapsera limodzi. Mchere, shuga, tsabola, zonse zinangokhala chimodzimodzi. Namwino wina wachifundo anati mwa anthu ena kukoma kumabwerera, ndipo mwina kuwawa n'kumene kungayambe. Mawu amenewo amuna anga anawagwira ndi manja awiri, n'kukagula botolo lija.

M'nyumbamo tinalinso ndi mlamu wanga, mng'ono wawo, amene anabwera kudzadwazika matenda n'kuiwala njira yobwerera. Ine ndinkamutcha a Kammero, pakuti chilichonse chamadzimadzi chinali ndi ulendo umodzi ndi iye.

"Alamu," ankatero maso ali pakabati, "botolo lonseli mankhwala a munthu mmodzi? Enafe sitidwala?"

"Mukadzangolikhudza mudzaona chidameta nkhanga mpala."

"Ine? Zowawa ngati ndulu zimenezo? Ndalumbira."

Tsiku lina masana ndinavala zooneka bwino n'kupita ndekha kuhotela, amuna anga osadziwa. Mubala munali zii, mipando itakwezedwa pamatebulo, pansi pakununkhira sopo. Mabotolo anali ndandanda kutsogolo kwa galasi, ndipo lofiira lija ndinalizindikira msanga ngati m'bale wanga pakati pa anthu achilendo. Manijala anandipatsa mpando. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa kwambiri, chifukwa munthu woipa umatha kumutukwanira mumtima.

"Mayi, a Supuni ndi bambo anga pantchito ino," anatero. "Koma atabwera kudzayesa ulendo wathawu, matambula anabwezedwa. Vinyo anali atasasa, iwo sanamve."

"Manja awo akadali omwe aja, bwana."

"Manja ndili nawo ambiri, mayi. Ndikusowa lilime." Anapukuta kauntala yomwe inali yowala kale. "Abwere Loweruka. Ndidzaika matambula awiri, andiuze yowawa kwambiri ndi iti. Akalephera, malo awo sindingathenso kuwasunga."

Ndinathokoza, sindikudziwa kuti ndinkathokoza chiyani. Pobwerera ndinaphonya positsikira, basi inandipitiriza mpaka kumapeto, ine ndili duu. Nditafika kunyumba ndinawauza amuna anga zonse. Anati, "Ndiye mwakandipemphera ntchito ngati mwana?" Sanakalipe. Anangopita kukakhala pakhonde.

Loweruka linafika. A Kammero analawirira kutuluka, ati kukaona mnzawo wodwala, chinthu chimene chikanayenera kundidabwitsa, poti munthuyo dzuwa linkamupeza m'bulangete. Amuna anga anatsitsa botolo. Pothira, dontho loyamba linagwera patebulo. Lachiwiri linagwera pasupuni. Anatsinzina, ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa mawu aja akuti "palibe" ndinali nditatopa nawo mpaka m'mafupa.



"Mayi," anandiitana chapansipansi. "Wawawa."

"Mwati chiyani?"

"Wawawa! Kumbuyo kwa lilime uku. Pang'ono, koma wawawa."

Kansalu kanagwa m'manja mwanga. Ndinalira, ndinaseka, ndinawagwira masaya ngati tili pachibwenzi. Ine chibadwire mowa sindinaulawepo, ndinkangoudziwira pafungo la malaya awo, koma tsiku limenelo chimwemwe chinandipusitsa. Ndinafuna kumva chimene iwo amva. Ndinalanda supuni, ndinathira, ndinaika m'kamwa iwo asanandigwire dzanja.

Anali madzi a shuga.

Anali juwisi wa ufa uja ana amasungunula m'mabotolo popita kusukulu. Pomwepo ndinakumbukira timapepala tofiira tomwe ndinatiwona m'bini masiku apitawo, ndi nyimbo zomwe mlamu wanga ankaimba m'bafa. Kuyambira liti? Sindikudziwa. Mwina mlungu wonsewo amuna anga ankadikira kuwawa kuchokera m'botolo lopanda mowa. 

Iwo ankandiyang'anitsitsa.

"Mwaumva?"

Ndinakwinya nkhope, ndinapukusa mutu, ndinathamangira kusinki kukalavula.

"Mayo ine! Anthu amalipira kuti amwe zimenezi?"

Anaseka. Chiyambire matenda aja ndinali ndisanamve kuseka kwawo, ndipo kunatuluka kosasa, kong'ambika. "Ndinkakuuzani ine. Kandisitireni malaya oyera aja, nthawi yatha."

Ndinapita kuchipinda. Ndinasita kolala, ndinasita manja, ndinabwerezanso kolala yemweyo, misozi ikugwera pansalu n'kumauma ndi simbi. Ndinkaona matambula awiri aja pakauntala, manijala ataima potero, amuna anga akuloza mwachimbulimbuli pamaso pa anthu amene iwo eni ake anawaphunzitsa ntchito. Ndinaganiza zowauza. Ndinaganiza zopsereza malayawo dala. Ndinalibe mphamvu ya chilichonse mwa ziwirizi.

Nditabwerera kukhitchini ndinawapeza atakhala pampando, supuni yaitali ili m'thumba la thalauza, mutu uli pansi. Ankayang'ana patebulo. Dontho lija linagwa poyamba linali litazunguliridwa ndi nyerere, zothinana, zina zikubwerabe pamzere kuchokera kuzenera.

Anaziyang'ana, osaphethira. Kenako anaika chala chachikulu pamenepo, n'kupukuta pang'onopang'ono mpaka patebulo panayera.

"Mwasita bwino," anatero, akutambasula manja kuti ndiwaveke.