Thabwa la M'kolido

Anthu a mumsewu wawo ankamutchula kuti a Sindifuna, chifukwa ndi mawu amene ankayamba kutuluka m'kamwa mwake munthu akabwera ndi nkhani yatsopano. Dzinalo silinkamupweteka. Anagwira ulonda pa fakitale ya nsapato mpaka mutu kuyera, ndipo ntchitoyo inamuphunzitsa kuti munthu akafika pageti akumwetulira, choyamba n'kumuyang'ana m'manja.

Choncho mwana wake wachisamba atabwera ndi mayi wojambula mapulani a nyumba, mkuluyo anayang'ana m'manja mwa mayiyo. Munali choko.

Nkhani yake inali yoti nyumba yakale igwetsedwe, pamalo pomwepo pamangidwe ina. Mwanayo ankafotokoza maso ali ngwee: njerwa zadothi zosawotcha, denga lokolola madzi a mvula, magetsi a dzuwa, mawindo akuluakulu kuti masana pasayake babu. Ndipo m'kati mopanda makoma. Pophikira, podyera ndi pochezera zonse malo amodzi, mphepo izidutsa mmene ifunira.

"Yopanda makoma?" anafunsa a Sindifuna. "Ku fakitale inaliko yotero. Tinkasungamo zikopa."

Mpongozi wake anaseka atagwira pakamwa. Mwanayo sanaseke.

"Ababa, denga ili likudontha mbali zonse. Khoma la kumadzulo lang'ambika, dzanja likulowa. Mukufuna litigwere tili mtulo?"

Mayi wamapulani analowererapo ndi mawu ofewa. "Agogo, musadandaule. Ine sinditaya kanthu. Ndimayenda m'nyumba yakale ndi chokochi, chimene chili chabwino ndimachilemba kamzere kozungulira. Cholembedwacho amisiri amachichotsa bwinobwino n'kuchisunga kuti chikalowe m'nyumba yatsopano. Zotsalazo nazo sizipita kudzala. Njerwa timaphwanya zilowe m'maziko, matabwa timagaya n'kumwaza m'dimba kuti nthaka isamaume."

"Sindine agogo anu," anatero mkuluyo.

Mayiyo sanakhumudwe. Anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa nyumba zimene anakonzapo. Mpongozi ndiye ankatchula zonse mokweza ndi chisangalalo: chitseko chakale chasanduka tebulo, mafelemu a mawindo asanduka magalasi odziyang'anira, bafa lachitsulo adzalamo maluwa. A Sindifuna pafoni sanaonepo kanthu koma kuwala, koma anamva. Kusunga kwa anthu amenewa n'kotere: amacheka chinthu chako, n'kuchipaka polishi, n'kumaonetsa alendo.

Mayiyo anayenda chipinda ndi chipinda. Analemba zitseko, mitanda ya kudenga, sinki yakukhitchini. Atafika m'kolido anaima nthawi yaitali.

Pakhoma la kolidoyo, mulingo wa m'chiuno, panali thabwa lalitali loyambira pakhomo la kuchipinda mpaka kukhitchini. Analikhoma ndi a Sindifuna omwe, chaka chimene akazi awo anachita khungu chifukwa cha matenda a shuga. Sanali kalipentala, thabwalo linapendekera pang'ono. Koma malemu akazi awowo analiyenda ndi dzanja zaka zonse zamdima, m'mawa ndi madzulo, kupita ndi kubwera, mpaka m'mphepete mwake munasalala ngati mwala wamumtsinje. Pafupi ndi khomo la kubafa panali mfundo. Dzanja likafika pamfundoyo, ankadziwa kuti akhote.

"Ili ndiye labwino kuposa zonse," anatero mayi wamapulani, akulisisita. "Kusalala uku makina sangakupange." Choko chinalira pathabwalo.

Panali chinthu chimene m'nyumbamo sankachidziwa. Maso a a Sindifuna nawonso anali akutha. Zinayamba ngati utsi m'mbali, tsopano nkhope za anthu zinali mitambo chabe. M'nyumba yakaleyo palibe akanazindikira, poti miyendo inkadziwa njira, ndipo m'kolido dzanja lake linkatsata pomwe linkatsata la akazi ake. Sanauze munthu. Anali atamvapo mpongozi akunena pafoni za nyumba ina yosungira okalamba, akuti ndi yaukhondo. Ankanena za amalume a mnzake, koma mkuluyo anasunga mawuwo.

Masana a tsiku lotsatira, onse atachoka, anatenga kansanza konyowa. Anafufuza ndi zala mpaka anamva fumbi la choko, n'kulipukuta. Maganizo ake anali akuti thabwalo alichotse yekha, alibise lathunthu pansi pa bedi, asalicheke munthu kuti akaikepo miphika ya maluwa. Anatenga sikuludalaiva. Koma zomangira zake zinali zitadya dzimbiri, ndipo maso sankaona pamene pali mutu wake. Chitsulocho chinaterereka n'kumucheka chala. Anakhala pansi m'kolidomo akuyamwa magazi, n'kunena kuti apempha kalipentala wa kuseri kwa msika akadzadutsa. Kenaka anaganiza kuti kalipentalayo ndi wapakamwa, akauza mwana wake. Anati adikire kaye.

Anthu ogwetsa sanadikire. Mwanayo anasamutsira banja lonse ku nyumba yalendi kutsidya kwa mlatho, n'kunena kuti ntchito iyamba mwezi ukatha. Koma kapitawo anapeza mpata msanga. A Sindifuna anamva nkhaniyo pakudya, mpongozi akunena ngati za nyengo: "Denga atsitsa kale. Akuti anyamatawo ndi achangu."

Anadzuka osamaliza chakudya. Anayenda yekha, akutsata mipanda ya anthu ndi phewa, njinga zikumuimbira belu ndi kumutukwana. Asanafike anamva kulira kwa makina.

"Madala, kuno n'koopsa!" anakuwa kapitawo. "Mukufuna njerwa ikupezeni pamutu tiyankhe mlandu?"

"Thabwa la m'kolido lili kuti?"

"Kolido yake iti? Mwaima pomwepo."

Mkuluyo anatambasula dzanja. Panalibe khoma.

Kapitawo anamutengera pamene anaunjika zosungidwa, pansi pa lona. A Sindifuna anagwira chimodzichimodzi: zitseko, mitanda, sinki. Anabwerezanso.

"Ngati linalibe choko, lapita kuchigayo," anatero kapitawo. "Ife timawerenga choko basi, madala. Amayi aja ndi okhwima, ukasunga chosalembedwa amakufunsa, ukagaya cholembedwa amakuchotsa ntchito. Linali lagolide kodi?"

Anyamata amene ankaponya matabwa m'makina anaseka. Mkuluyo anawalambalala. Kuseri kwa makinawo kunali mulu wa tizidutswa, totentha, tonunkha utomoni. Anapisamo dzanja mpaka m'chigongono. Zonse zinali zolasa.

Mayi wamapulani anafika madzulo a tsiku lomwelo ku nyumba yalendi. Anali atakalipira kapitawo, kapitawo n'kulumbira kuti pathabwalo panalibe kanthu.

"Ndinalemba ndi dzanja langa, nonse munalipo," anatero mayiyo. "Bambo, ndinkafuna ndilikhome lathunthu, kuchokera kuchipinda chanu kukafika kubafa. Ndinaona mmene mumaligwirira mukamadutsa."

A Sindifuna anamva kuti mwana wake watembenuka kumuyang'ana. Ndiye kuti mayiyu anaona. Kapena sanaone kanthu, akungonena poti thabwalo lapita ndipo palibe angamutsutse. Anthu a mapulani pakamwa sipawavuta. Likanakhalapo, bwenzi pano lili pamacheka.

"Ndinkaligwira chifukwa ndi langa," anatero mkuluyo.

"Tikhoza kuika lina, latsopano," anatero mayiyo. "Ngati pali vuto la maso, ndiuzeni tsopano makoma asanakwere. Pulani imasinthika."

"Ababa, maso ali bwanji?" anafunsa mwanayo.

Mpongozi anasiya kutsuka mbale. Madzi okha ndi amene ankamveka akudontha. Mkuluyo anakumbukira nyumba yaukhondo ija.

"Maso anga akuona zambiri kuposa zimene mukufuna kuti aone. Sindifuna."

Nyumba inamangidwa monga mwa pulani. Kunena zoona inali yozizira bwino nthawi yotentha, ndipo mvula ikagwa madzi ankathamangira m'thanki osadontha pamutu pa munthu. Anthu ankabwera kudzaiona. Mpongozi ankawayendetsa n'kumawaonetsa tebulo lalikulu: "Ichi chinali chitseko cha apongozi anga." Alendowo ankati koma ndiye nzeru, n'kuikapo makapu awo.

A Sindifuna anapatsidwa chipinda chakechake, chabwino, chapangodya. Bafa linali mbali inayo. Pakati panali chibwalo chija chopanda makoma, pansi posalala ngati galasi, mipando yopepuka imene mpongozi ankaisuntha sabata iliyonse kuti aone pamene ikukhala bwino. Kumene kukanakhala khoma kunali mawindo kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo kuwala kwake kunkasandutsa zonse chifunga choyera. Tsiku lina anagunda galasi ndi chipumi, n'kunena kuti amathamangitsa ntchentche. Tsiku lina anagwetsa mphika wa maluwa, n'kukalipira amene anauika panjira. Anayamba kuchepetsa madzi akumwa kuti asamawoloke kawirikawiri. Milomo inang'ambika. Mwanayo ankati ababa akalamba, sakufunanso kucheza ndi anthu.

Kumene ankapita mosavuta kunali kudimba, chifukwa chitseko chakumbuyo chinali pafupi ndi chipinda chake. Ankakhala pansi m'mphepete mwa bedi la masamba, n'kumatola tizidutswa ta matabwa tomwe anamwazamo, kamodzikamodzi, kukayesa ndi chala chachikulu ngati kali ndi mbali yosalala. Mvula inali itativunditsa kale. Mpongozi ankauza anzake kuti apongozi apeza chochita, akonda zaulimi.

Tsiku lina masana m'nyumba munadzaza alendo ena, anzake a mayi wamapulani, odzajambula zithunzi. Mipando yonse anaisuntha kuti kuwala kugwe bwino. A Sindifuna anapirira m'chipinda mwake mpaka chikhodzodzo chinakana. Anatsegula chitseko n'kuyamba kuwoloka.

Mpando umene ankayambira kugwira panalibe. Anapita patsogolo pang'ono, n'kukhota, n'kukhotanso. Mawu a anthu ankachokera mbali zonse, akugunda kudenga lalitali n'kubwerera. Sanadziwenso kumene kuli chipinda chake ngakhale kumene kuli bafa. Anaima pakatikati, dzanja lamanja litatambasuka mulingo wa m'chiuno, zala zikufuna mfundo ija.

"Taonani bambowo mmene aimira," anatero wojambula wina motsitsa mawu. "Musasunthe, bambo, mwakhala bwino pomwepo."

Kenaka macheza anaduka. Mkuluyo anamva kutentha kukutsika m'mwendo, n'kumva madzi akuyenda pansi posalala paja, popanda chowatchinga.

"Ababa," anatero mwana wake, ali pafupi kwambiri, kumanzere. "Ababa, mukundiona?"

A Sindifuna anatembenukira kumanja, kumene mawuwo anabwerera kuchokera pagalasi.

"Ndikukuona," anatero.