Kasupe M'chipinda Chogona

Magadalena anafinyira chiguduli m'ndowa nachiyalanso pasimenti. Asanaweramuke n'komwe chinali chitanyowanso. Madziwo sankadontha kudenga ayi, ankatumphuka pansi, m'ming'alu, ozizira mobaya m'mafupa.

Anthu a pamaliro a mwamuna wake Eustace anali atabalalika. Panatsala mwana wake Jesinta, namwino wa ku Lilongwe, ndi mlamu wake Timoteyo, mng'ono wa malemuyo, amene anakhala pampando atasanjika mapazi panjerwa.

"Amayi, chisiyeni chimenecho, valani tizipita," anatero Jesinta. "Loya uja amabwera pa Boma Lachinayi lokha."

"Kukasumira a Alufeo?" anafunsa Timoteyo. "Munthu amene watinyamulira bokosi pa lole yake? Dothi la kumanda lisanaume n'komwe? Kutchalitchi akatiyang'ana bwanji?"

"Lole ija sinaumitse m'nyumba muno, bambo aang'ono. Chibayo chimene chawapha ababa anachitenga kuti?"

Magadalena anaweramuka. Anapukuta manja pachitenje chake chakuda, nakafuna nsapato.

Eustace anaphunzitsa ku Kasina moyo wake wonse, akukhala m'nyumba za sukulu. Atapuma ntchito, zonse zimene analandira anagulira nyumba iyi, m'munsi mwa phiri la Dedza. Anakaiona mu Seputembala, kunja kuli fumbi, makoma akuwala laimu watsopano. Wogulitsa anali a Alufeo, mnzake wa m'kwaya kuyambira unyamata. Mvula itangoyamba laimu uja anayamba kusupuka, zitseko kutupa, mabuku kuchita nkhungu. Pofika Malichi, Eustace ankatsokomola mpaka kugwira khoma.

Loyayo ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi msika. Anali wachinyamata, waulemu wake, ndipo anawasiya alankhule mpaka kumaliza.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Kodi pogulitsapo, bambowa ananena kuti nyumbayo ilibe vuto la madzi?"

"Anawauza abambo akunyumba kuti ndi youma chaka chonse."

"Inu munamva ndi makutu anu?"

"Ndinali kuseri, ndikuona khitchini."

Loyayo anavula magalasi. "Ndiye kuti amene anamva ndi amene mwawaikawa."

"Koma anthu onse kumeneko akudziwa," Jesinta analowerera. "Akuti pamalopo panali kasupe, azimayi ankatungapo madzi. A Alufeo anangothirapo miyala ndi simenti."

"Angabwere kukhoti kudzanena zimenezo?"

Magadalena anawaganizira anthuwo mmodzimmodzi. Ena ankakhala m'nyumba za lendi za a Alufeo omwewo, ena ana awo ankagwira ganyu pa lole ija.

"Mlandu ulipo ndithu," anapitiriza loyayo, "koma nyumbayo ili m'dzina la malemu. Muyambe mwatenga chilolezo choyendetsa chuma chamasiye, ndipo chimenecho chimachedwa. Mlandu weniweniwo ungatenge zaka. Pakadali pano musaikonze, mungafafanize umboni."

"Nanga ndikaigulitsa?"

"Mukamuuza wogulayo zoona, sagula. Mukabisa, mlandu womwewu ukhala wanu."

Jesinta anaseka mowawa. "Ndiye ufulu umene tikuimbiridwa pa wailesi tsiku ndi tsiku ndi umenewu?"

Loyayo anangotambasula manja.

Potuluka, Magadalena anayenda pang'onopang'ono. Kumudzi kwawo munda wake alongo ake anaugawira ana kalekale, poti iye anali mkazi wa aphunzitsi. Jesinta ankagona m'chipinda chimodzi ndi namwino mnzake. Kwina kopita kunalibe.

Pachipata cha msika anakumana maso ndi maso ndi a Alufeo. Bambowo anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ndimati ndibwere madzulo. Tengani timbatatati, alendo akadalipo kunyumba."

Jesinta anatembenukira kumbali. Magadalena anaona kuti anthu akuyang'ana. Anapinda mawondo pang'ono, nalandira kathumbako ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo."

Njira yonse mwana wake anayenda patsogolo yekha.

Atafika anapeza dzuwa latuluka, ndipo Timoteyo anali atatulutsa katundu wa kuchipinda kuti aume. Matiresi anali atawatsamiritsa pampanda, kunsi kwake kukuyang'ana kunjira.

"Alamu, awa ndi ongotentha basi," anatero. "Taonani."

Magadalena anayandikira. Theka limodzi linali loyera bwinobwino. Theka linalo linali bii ndi nkhungu kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, thonje litaola.

"Mbali iyi ndiyo inali kukhoma," anatero Timoteyo. "Madzi amakwera khomalo n'kulowa momwemu. Munkagonapo bwanji?"

"Sindinkagonapo ine."

Chikwatirane, malo a Magadalena anali kukhoma. Koma mvula itangoyamba, Eustace anamuuza tsiku lina kuti asinthane. Anati ukalamba wamuyamba, akumalota akugwa pabedi, ndiye akufuna khoma kumsana. Magadalena anamuseka sabata yathunthu.

Timoteyo anagwira matiresiwo kuti awakokere kudzala.

"Tawasiyani kaye, alamu."

Anaika kathumba ka mbatata pansi, nasanjika dzanja lake pambali yakudayo. Ngakhale panali padzuwa, inali ikuzizirabe. Sanalichotse dzanjalo.