Timadontho ta pa Mkono wa Mzime

Nthawi inali itangokwana 11 koloko m'mawa, dzuwa likuswa mtengo, mphepo osaimva ngakhale pang'ono. M'kachipinda koperekera magazi munali mpando umodzi, sinki ndi zenera lomwe silinkatseguka. Namwino ankagwira ntchito m'menemo chaka chachisanu ndi chinayi, koma tsiku limenelo anthu okhala pa benchi panja anali abale ake: achimwene aakulu, mzime wa kwawo ndi alamu awo.

Mayi awo anali gone mu wodi, akudikira opaleshoni ya mawa. Dokotala anali atanena kuti pakufunika thumba limodzi lina la magazi lisanalowe dzuwa, apo ayi opaleshoni iimitsidwa. Namwinoyo anali atapereka ake milungu itatu yapitayo, ndipo sakanaloledwa kuperekanso. Achimwene awo aakulu ankaopa singano kuposa njoka. Choncho banja lonse linaloza mzime, bambo wa zaka makumi atatu, wowotcherera zitsulo, wamphamvu zake.

Mzimeyo analowa atavala malaya a manja aatali, mabatani ali otseka mpaka m'khosi.

"Kutentha konseku? Ukupita kokafunsira mbeta?" anatero namwino akuvala magolovesi. "Pinda dzanja la malayalo."

"Simungabaye cha kuno, achemwali?" Analoza kuseri kwa chikhatho.

"Udzandiphunzitse ntchito tsiku lina. Pinda."

Anapinda pang'onopang'ono, maso ali pa sinki. Pamene pamapindikira mkono panali timadontho takuda, tina touma, tiwiri tatsopano tofiira m'mbali. Chapamwamba panali chipsera cha chithupsa cholowa m'kati. Namwino anadina mtsempha ndi chala. Unali wolimba ngati chingwe cha nsapato.

"Ndi moto wothetheka uwu," anatero mzime msangamsanga. "Mukudziwa ntchito yathu."

Namwino ankawadziwa manja a anthu owotcherera. Moto umagwa paliponse, pa dzanja, pa khosi, ndipo umaboola malaya. Sudziwa pamene padutsa mtsempha. Timadonthoti tinali titandandalika pa mzere, ngati nyerere zobwerera kuuna.

"Ndione winawo."

Winawo unali woposa. Namwino anakumbukira masupuni a mayi awo omwe ankangosowa, ofanana ndi amene anthu odzibaya amasungunulirapo mankhwala ozunguza bongo, ndi mmene mzime ankadzikandira pa tebulo anthu n'kumaseka kuti sasamba.

"Wayamba liti kudzibaya mankhwalawa?"

Mzime anaphimba timadonthoto ndi chikhatho. Panja achimwene aakulu ankaseka ndi alamu awo, mawu akulowa pansi pa chitseko ngati ali m'chipinda momwemo.

"Ingotengani," ananong'ona mzime. "Magazi ndi magazi. Ndi amayi anga inenso."

"Akawayeza n'kuwataya, tidzadziwa mawa, amayi ali kale pa mzere wa opaleshoni. Ndiye ndidzawauza chiyani?"

"Musawauze. Chonde, achemwali. Mtima wawo mukuudziwa."

Ankaudziwa. Ankadziwanso kuti zimene waona pa mpando umenewo lamulo la ntchito silimulola kuzitulutsa pa khomo, ngakhale kwa mwana wa bere limodzi. Kutenga magaziwo sakanatha. Kunena chifukwa sakanatha. Anaima pakati pa mpando ndi chitseko, mtunda wa mapazi atatu, thukuta likuyenderera m'magolovesi.

"Tsitsa malayawo," anatero. "Ukhale pa benchi mpaka ndiweruke. Ndikutengera kwa munthu wina kuseri kwa chipatala kuno, amathandiza anthu ofuna kusiya. Wamva?"

Mzime anagwedeza mutu akumanga batani.

Namwino anatsegula chitseko. "Uyu sizitheka. Magazi ake ndi ochepa."

"Ochepa? Chimunthu chonsechi?" anatero alamu. "Chakudya chonse chija chimapita kuti?"

Onse anaseka. Bodzalo linalowa bwinobwino, ndipo namwino anadziwa kuti azilisenza yekha, kunyumba, ku wodi, pa tebulo lililonse.

"Achimwene, lowani."

"Ine? Iwe, ukudziwa kuti ndimakomoka."

"Mukomokera pa mpando. Ndi wofewa."

Achimwene aakulu analowa akukoka miyendo, n'kudzipindira okha malaya. Mkono wawo unali wosalala, mtsempha uli poyera. Namwino asanatseke chitseko anasuzumira pa benchi. Alamu anali pomwepo akudzikupiza ndi kapepala. Pamene panakhala mzime panalibe munthu.

Anatseka, anavula magolovesi akalewo n'kuvala ena. Anamanga lamba pa mkono wa achimwene ake, napukuta khungu ndi thonje.

"Fumbatani dzanja," anatero. "Yang'anani ku zenera."