Mayi Rabia a ku Ntaja

Mayi Rabia anabadwa Lachiwiri masana ali kale ndi imvi komanso matenda a shuga. Anabadwira m'kaofesi ka pamwamba pa shopu yojambula mapepala ku Hatfield, ndipo mzamba wawo anali Kalimu, mnyamata wa ku Machinga amene anabwera ku Joni kudzaphunzira ku yunivesite, maphunziro n'kuthera panjira.

Ntchito ya Kalimu inali yolemba maumboni abodza. Abwana ake, mzungu wina dzina lake Jeff, anali ndi masamba pa intaneti otsatsa katundu wa anthu ena: mafuta omeretsa tsitsi, malamba ophwetsa mimba, madontho a zitsamba. Jeff sankapanga kanthu, sankasunga katundu, mwinanso sanatsegulepo botolo ngakhale limodzi. Munthu akawerenga tsamba lake n'kudina linki n'kugula, kampani yogulitsayo inkamupatsa komishoni, iye n'kumunyemerako Kalimu. Koma munthu sagula chifukwa cha chithunzi cha botolo. Amagula akamva mnzake akuti, "Ine zinandithandiza." Anzake amenewo ndi amene Kalimu ankawaumba.

M'mawa ankakhala dalaivala wa dazi wa ku Polokwane, masana mayi wa ku Durban amene mimba inakana kubwerera atabereka. Masiku oyamba ankachita manyazi, ankatembenuza kompyuta wina akalowa. Pofika chaka cha 2007 manyaziwo anali atauma. Mtima wake unali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ulipo, koma ukautsina sukumva. Ankafika, n'kuvula jekete, n'kulemba, n'kudya chipisi chake pa desiki pomwepo, n'kukwera takisi kubwerera kwake.

Lachiwiri lija Jeff anaika botolo lobiriwira pa desiki.

"Ili ndi la shuga," anatero m'Chingerezi chake chothamanga. "Anthu akwanu adzaza muno mu Pretoria, koma palibe amene akuwalankhula m'chinenero chawo. Tandilembera umboni umodzi m'chikwanu. Ukhale wa mzimayi, wachikulire, womvetsa chisoni pang'ono."

Kalimu sanafunike kuganiza. Mzimayi woteroyo anali naye kale. Amayi ake aang'ono, a Safiya, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Brooklyn, ndipo ndi iwo amene anamulandira atafika ku Joni, n'kumugoneka pansi m'kachipinda kawo ka kuseri kwa nyumba ya abwana mpaka atapeza pake. Shuga anali atawagwira zaka zingapo. Kalimu ankadziwa madandaulo awo onse monga mmene munthu amadziwira njira ya kwawo.

Anangotola zonsezo n'kuwapatsa Mayi Rabia. Ludzu louma kukhosi ngati wameza mchenga. Nyerere zimene zinkasonkhana kuchimbudzi. Mapazi omva ngati wavala masokosi a thonje pomwe sunavale kanthu. Mzere wa kukiliniki, ndi nkhope ya adona ukawapempha tsiku lopita kumeneko. Anawapatsanso kwawo, ku Ntaja, chifukwa Mmalawi ku Joni sakhulupirira munthu wopanda kwawo. Pomaliza analemba kuti: "Mapiritsi a kuchipatala ndinasiya kalekale, ndipo ndili bwinobwino. Wallahi."

Liwu lomalizalo analidziwa kulemera kwake. Anakulira kumadrasa, anaona akuluakulu akusiya mkangano pakati chifukwa wina watchula dzina la Mulungu. Analiika dala, podziwa kuti ndi limene ligulitse botolo.

Mayi Rabia anagwira ntchito kuposa anthu onse amene Kalimu anaumbapo. Jeff ankalowa akuimba likhweru, akuti wina wake akugula makatoni athunthu kudzera pa tsamba limenelo. Kalimu anagula nsapato zatsopano. Sanafunse kuti makatoniwo akupita kuti.

Anakadziwa Lamulungu lina atapita ku Brooklyn. Misewu inali itafiira ndi maluwa a jakaranda ofota, agalu akuuwa kuseri kwa mipanda ya magetsi. A Safiya anamutsegulira kageti ka m'mbali akutsimphina, phazi lamanzere atalikulunga kansalu.

"Phazi latani, Amayi?"

"Aa, kachilonda chabe. Ndinaponda kena kake pochapa, sindinamve n'komwe. Lowa, mpunga ukuzizira."

M'kachipindamo zonse zinali m'malo mwake: bedi lokwezedwa pa njerwa, mkeka wopempherera wopindidwa pa mpando, sutikesi ya katundu wopita kumudzi. Chachilendo chinali pawindo. Botolo lobiriwira linali pamenepo, pafupi ndi mikanda yawo yopempherera, litatsala theka.

"Ichi mwachitenga kuti?"

A Safiya anasangalala kuti wafunsa. Anati ndi Bilali, mlonda uja wa ku Faerie Glen amene amachitanso geni. Amabwera nawo mabotolowa kupaki kumene amayi a ntchito za m'nyumba amakumana tsiku lopuma, pamodzi ndi pepala limene anasindikiza pa intaneti. Poti ambiri kuwerenga kumawavuta, Bilali amaima pakati n'kuwawerengera mokweza.

"Pali mayi wina wa kwathu konkuja, wa ku Ntaja, dzina lake Rabia," anatero akumupakulira nkhuku. "Mwanangu, ndinalira. Mayi ameneyo ngati anandiona m'mimba. Za ludzu, za nyerere, ngakhale za masokosi a thonje! Ndinkayesa ndine ndekha padziko pano."

Kenako anayamba kunena umboni wonse pamtima, mawu ndi mawu, mpaka pomwe Kalimu anaika kampumiro. Iye anakhala ndi supuni m'manja akumva ziganizo zake zikutuluka m'kamwa mwa munthu amene anazitengako. Anadikira kuti mtima ugunde, kapena thukuta lituluke. Palibe chinachitika. Ankangomva firiji ya m'nyumba yaikulu ikulira kuseri kwa khoma.

"Mapiritsi mukumwabe?" anafunsa.

"Ndimwerenji ziwiri? Rabia anasiya."

"Amayi, za pa intaneti zambiri n'zabodza. Anthu amangolemba kuti agulitse."

A Safiya anaika mphika pansi n'kumuyang'ana mmene ankamuyang'anira ali mwana akalowa m'nyumba ndi matope.

"Iwe Kalimu, sukulu isakuwononge. Azungu anganame, inde. Koma mzimayi wachisilamu, wamkulu ngati ine, wanena kuti Wallahi. Ungaime pamaso pa Mulungu n'kunena kuti mayi ameneyo wanama? Ndani angasewere ndi liwu limenelo chifukwa cha botolo?"

Yankho linali pakamwa pomwepo. Akanangonena kuti, "Ndinalemba ndine," botolo likanatayidwa tsiku lomwelo. Koma a Safiya ankauza aliyense kupaki kuja kuti mwana wa achemwali awo amagwira ntchito ya makompyuta ku Hatfield, ofesi ya pamwamba. Kuti anene zoona, anafunika kuwauza kuti mwanayo amalumbira dzina la Mulungu monama kuti adye chipisi, ndipo matenda awo ndi amene anawagulitsa. Iye ankadziuza kuti akuwasungira ulemu. Tisanamizane, anali mantha, mantha wamba a mwana amene waswa mbale.

"Komabe muzimwa mapiritsiwo," anatero motsitsa mawu.

"Idya," anatero a Safiya.

Anadya, mpaka anawonjezera.

Lolemba anafika ku ofesi n'kufufuta chiganizo chija cha mapiritsi, pamodzi ndi lumbiro lake. Jeff sankadziwa Chichewa, sakanazindikira. Ntchitoyo inali yopepuka kwambiri moti Kalimu anadziona ngati wachitapo kanthu. Koma pepala la Bilali linali litajambulidwa kale kambirimbiri, likuyenda m'zikwama za amayi kuchokera ku Brooklyn mpaka ku Mamelodi. Mayi Rabia sankafunanso kompyuta kuti alankhule.

Kalimu anamuimbira Bilali kamodzi, n'kumuuza kuti mankhwalawo ngokayikitsa.

"Eish, achimwene, ndinu dokotala?" anatero Bilali akuseka. "Ine ndimangowerenga zomwe zalembedwa. Ngati muli ndi vuto, kafunseni Mayi Rabiawo."

Kalimu anadula foni. Lamulungu lotsatira sanapite ku Brooklyn. Linalo anati ali ndi chimfine. Ankatumiza mauthenga a pafoni akuti, "Amayi mapiritsi," a Safiya n'kuyankha kudzera mwa mwana wa neba kuti ali bwino, asadandaule. Iye ankawerenga yankholo n'kulikhulupirira dala. Jakaranda anatha, mvula inabwera, ndipo iye anakhala mphunzitsi wa ku Bloemfontein wa msana wopweteka, kenako mtsikana wa ziphuphu.

Jeff anabwera ndi ganizo latsopano. "Rabia wako uja anthu amamukonda," anatero. "Tiyeni abwerenso. Atiuze mmene akupezera tsopano, patapita miyezi. Mwina akuvina pa ukwati wa mwana wake, zoterozo."

Kalimu anati aganizira. Anali asanayambe kulemba pamene foni inalira. Anali adona a ku Brooklyn, mawu awo okwera, akuti Sophie wagwa m'khitchini, ndipo atamuvula nsalu ya kuphazi fungo lake linadzaza nyumba. Dzina lakuti Safiya linkawavuta, ankangoti Sophie. Anafunsa ngati Kalimu akudziwa wina amene angagwirizire ntchito.

Kuchipatala cha boma anamuuza m'khonde, dokotala wachitsikana wotopa akuyang'ana kale wodwala wina. Chilonda chinali chitalowa mpaka m'fupa. Anadula pansi pa bondo. Dokotalayo anafunsa chifukwa chake mayiyu anasiya mankhwala, Kalimu anati sakudziwa. Liwulo linatuluka losalala, ngati ena onse amene ankalemba.

Kalimu anawapeza a Safiya atagona chagada, mpango utasunthira kumbuyo, imvi zili poyera. Bulangete linkakwera bwinobwino pa mwendo wamanja, kumanzere n'kugwa msanga. Kalimu anayang'ana pamene panagwapo. Ankadziwa kuti munthu amayenera kulira pa nthawi ngati imeneyi, ndipo anayesa, koma m'maso munali gwa. Anakoka mpando n'kukhala.

"Wabwera," anatero a Safiya. Mawu awo anali aang'ono. "Wadya?"

"Ndadya, Amayi."

Kubedi lina mayi wina ankabuula m'Chisepedi. Kalimu anakonza mawu m'mutu. Tsopano panalibenso chopulumutsa, koma mwina akanena, chinachake m'chifuwa mwake chikanadzuka, ngakhale chopweteka. Anatsegula pakamwa, koma a Safiya anamutsogolera.

"Unandiuza, mwanangu. Ine sindinamve. Usadzione wolakwa, wamva? Iwe unayesetsa."

"Amayi..."

"Ndilekeni ndimalize, mpweya ndi wochepa. Ntchito yatha, ndikudziwa. Adona sangasunge munthu wa mwendo umodzi. Ndipita kumudzi, ndikakhala pakhonde. Zimenezo ndazilandira, ndi mmene Mulungu walembera. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi Rabia."

A Safiya anakoka mpweya n'kupitiriza.

"Mayi uja sananame, ine ndikudziwa. Pamene ankalumbira anali bwino, ngati mmene ine ndinkadzimvera poyamba. Matendawa ndi akabisira. Panopa ali penapake muno mu Joni, akukolopa m'nyumba ya mzungu, mapiritsi anataya, mapazi sakuwamva. Ndipo alibe mwana ngati iwe womuchenjeza." Anamugwira dzanja, chikhatho chawo chouma ndi chotentha. "Iwe ndi wa makompyuta. Umupeze."

"Ndi kovuta, Amayi. Anthu a pa intaneti..."

"Wa ku Ntaja angasowe? Ufunse kumzikiti Lachisanu, wina amudziwa. Tulutsa foni yako, ulembe zimene ndikuuze, ungaiwale."

Anatulutsa foni. A Safiya anatseka maso n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono, monga amachitira munthu potumiza uthenga kumudzi. Anayamba ndi salamu. Anati amuuze kuti ndi mnzake wa ku Machinga, amene sanaonanepo naye koma amamupempherera pa swala iliyonse. Amuuze kuti asachite manyazi kubwerera kukiliniki, anamwino amakalipa koma mapiritsi amapereka. Amuuze kuti madzulo alionse azikhala pansi n'kuyang'ana mapazi ake, kunsi komwe, ndi pakati pa zala, ndipo ngati maso akuvuta kuona apemphe wina amuonere. Amuuzenso kuti iwo sanamusungire kanthu kukhosi.

Kalimu analemba zonse, osasiya liwu ngakhale limodzi. Zala zake zinkayenda mwachangu ndi mwaluso monga mwa masiku onse.

"Akayankha udzandiwerengere," anatero a Safiya. "Ndisanapite kumudzi ndimve kuti mnzangayo ali ndi miyendo yake yonse."

"Ndidzakuwerengerani, Amayi."

Anamwetulira n'kutembenukira kukhoma. Kalimu anakhalabe pa mpandopo foni ili m'manja, akuyang'ana bulangete lija. Sanafune kuganiza kanthu, koma mutu unali utayamba kale ntchito yake. Yankho la Mayi Rabia linali likubwera lokha, chiganizo ndi chiganizo, lofatsa ndi lotonthoza, m'mawu enieni amene a Safiya akanawakhulupirira. Ankadziwa mmene liyambire, ndipo ankadziwanso pamene aike lumbiro.