Ng'ombe Khumi ndi Ziwiri za Hamweemba

Linali Lachiwiri, akutero Miyoba mwini nkhaniyi, anthu a pamaliro a mwamuna wake asanathe kumwazikana. Ankasesa phulusa pamene amuna ankaothera moto, galimoto yoyera n'kuima pabwalo. Munatsika mtsikana atanyamula foni yaikulu ngati mbale.

"Odi kuno! Ndikufuna a Hamweemba."

"Wachedwa, mwanawe. Tinawaika Loweruka."

Mtsikanayo anakhala pansi napepesa. Anati ndi Nchimunya, wachokera ku Monze, ndipo ntchito yake ndi kufunsa mabanja kuti akuluakulu adziwe ngati dziko lingapirire mavuto akabwera motsatizana. Chaka chimenecho anabweradi motsatizana. Mvula inakana, nthenda ya nkhupakupa inalowa m'makola, magetsi anasowa mpaka chigayo kutseka, feteleza naye anakwera, akuti chifukwa cha nkhondo ya kutali.

"Ndiye mwapeza kuti tikupirira?" Miyoba anafunsa.

"Banja lino lili m'gulu la olimba, mayi. Malemu anatiuza kuti ali ndi ng'ombe khumi ndi ziwiri."

Miyoba anaika tsache pansi. Apa m'pamene anamvetsa chifukwa chake chimanga cha chithandizo chinkadutsa pakhomo pake kupita kwa anansi, ana ake akugona ndi njala.

Munsanje, mng'ono wa malemu, anali atamva. Anabwera ndi chikho cha thobwa la chibwantu kumanja.

"Khumi ndi ziwiri? Alamu, si inu munati imene tinapha pamaliro ija ndi yotsiriza?"

"Khola ndi ilo, alamu. Lowanimo muwerenge ndowe."

"Musandiyese mwana. Ng'ombe za mkulu wanga ndi za mtundu wathu. Mwazithawitsira kwanu, eti?"

"Kwathu kuti? Kwathu ngakhale nkhuku ikuyenda ndi ndodo."

Palibe anaseka. Munsanje anati ng'ombezo zikapanda kuoneka, Miyoba atole miphika yake ndi ana ake abwerere kwawo. Kwawoko kunali kuchigwa, kumene anthu ankakumba mchenga wa mumtsinje kuti apeze madzi.

Miyoba anatembenukira kwa mtsikana uja. "Fufuta, mwanawe. Lemba kuti palibe."

"Sizitheka, mayi. Foniyi siilola kuchoka pa khumi ndi ziwiri kufika pa palibe popanda kalata ya adokotala a ziweto. Tidzakonza tikadzabwera mutakolola."

"Titakolola chiyani?"

Nchimunya anayang'ana kumunda. Mapesi anali atauma asanafike m'mawondo.

Pa anthu otsala pamalirowo panali a Siabwalo, nkhalamba ya kutsidya. Ananyamuka nakwera njinga. Pobwera anali atamangirira chikopa chouma kumbuyo. Anachiika pamaso pa Munsanje.

"Ukudziwa mwambo, Munsanje. Mnzako akakusungitsa ng'ombe kuti uzilimira ndi kukama, ikafa umapita ndi chikopa kwa mwiniwake, kenako mumakambirana amene walakwa. Iyi inafera m'khola mwanga. Ndinasenza chikopa kubwera kuno, mkulu wako n'kundibweza panjira ndisanamasule mtolo. Anati, 'Bwerera nacho, mdala. Ndikapanda kuona chikopa, ng'ombe yanga ili moyo, ndipo iwe ulibe mlandu.'"

"Nanenso anandiuza choncho," anatero mayi wina wamasiye, maso ali pansi. "Zanga zinali ziwiri. Zikopa zili kudenga."

"Ine anachita kundithamangitsa ndi mpini," anatero bambo wina. "Akuti ndikumupheratu ng'ombe zake ndi pakamwa."

Munsanje anafunyulula chikopacho. Khutu linali lodulidwa ngati mmene bambo awo ankadulira. Analigwira nthawi yaitali, kenako anakhala pansi, chibwantu n'kutayika.

"Chitsiru cha munthu," anatero motsitsa mawu. "Ana ake akufa ndi njala, iye akuweta mizimu."

Za kutola miphika sanazitchulenso.

Miyoba anafunsa ngati zikopa zonse atazisonkhanitsa zingalowe m'malo mwa kalata. Nchimunya anati akayesa kuuza abwana ake, koma asawanamize, foniyo siidziwa chikopa. Anatsanzika, galimoto n'kupita. Banja la Hamweemba linapita nayo lili lolimbabe.

Miyoba akuti anakwiya, ndipo mpaka lero sanathe kumukhululukira mwamuna wakeyo. Koma atayang'ana a Siabwalo ataima pamenepo chipewa chili kumanja, akudikira kuti mlandu uyambe, anawerama napinda chikopa chija monga chinalili. Anachimangirira yekha kumbuyo kwa njinga.

"Bwererani nacho, agogo. Mwiniwake sanachione."

Atatero anatenga khasu, naitana ana ake, napita kutchire kukakumba mizu ya busala yoti adye.