Munthu Wachikhumi ndi Chitatu pa Chombo cha Bambo

Bambo anga anakhala msilikali wa pamadzi zaka makumi awiri ndi zinayi. Atapuma ntchito anabwera kunyumba ndi bokosi lachitsulo, yunifolomu yoyera, ndi bondo lomwe linkalira akamakwera masitepe. Anthu a m'dera lathu ankawatchula kuti a Nangula, chifukwa akaima pa chinthu sankasunthika.

Kukhala pansi sankakudziwa. Denga la holo ya m'dera lathu anakhoma ndi iwo. Lachitatu lililonse ankaphunzitsa anthu m'holomo kumanga bala ndi kutsitsimutsa munthu womira. Loweruka ankaperekeza okalamba kuchipatala, kuwakankha pa njinga za olumala. Zonsezi mongodzipereka. Amayi ankati, "Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa dera lonse. Yanga ndi ntchito yomuchapira basi."

Chaka china mtsinje unasefukira m'mawa n'kulowa m'misewu ya kumunsi. Bambo anamangirira migolo inayi ku chitseko cha bafa yathu, n'kumapalasa chombo chimenechi ndi fosholo. Anapulumutsa anthu khumi ndi atatu. Koma mendulo yochokera ku ofesi ya mzinda inapita kwa wapampando wa komiti ya holo, mwini sitolo ya zitsulo, amene analemba lipoti loti iye ndiye anatsogolera ntchitoyo. Bambo anangoseka. "Mamendulo ndili nawo kale, amangoboola malaya."

Kuyambira pamenepo wapampandoyo sankafuna kuwaona. Anayamba kunong'oneza anthu kuti mutu wa a Nangula wayamba kusokonekera. Lachitatu lina bambo anafika ndi chikwama chawo cha mabandeji, n'kupeza loko watsopano pachitseko cha holo. Mlonda anayang'ana pansi n'kunena kuti wauzidwa asawalowetse. Bambo anaima pamenepo ola lathunthu, ophunzira awo akuwayang'ana, kenako anabwerera kunyumba. Sanatulukenso pageti. Patatha miyezi isanu anadwala sitiroko, ndipo sabata yomweyo tinawaika m'manda.

Gwero la chidanicho ndinalimva kwa amayi maliro atatha, tikupinda zovala za malemu.

"Mmodzi mwa anthu amene bambo ako anawapulumutsa tsiku lija anali wapampandoyo," anatero amayi. "Anali pa denga la saluni, akulira ngati wakhanda. Chombo chitafika anakankha mayi wa saluni kuti akwere iye poyamba. Mayiyo anagwera m'madzi, bambo ako n'kumuvuula pomukoka tsitsi."

"Nanga bwanji sananene?"

"Ankati munthu samuweruza pa tsiku limene wachita mantha."

Ndinangopitiriza kupinda malaya. Mumtima ndinati mlandu suwola.

Ine ndimasoka zovala. Chaka chitatha, ndili pa makina ndikupinda msiketi wa munthu, wapampando analowa m'shopu yanga, mafuta onunkhira atatsogola. Nthawi imeneyo n'kuti akufuna kupikisana nawo pa mpando wa khansala.

"Mwana wanga," anatero, "taganiza zoti holo ija tiitche dzina la bambo ako. Kubwera akuluakulu a mzinda. Utibwereke yunifolomu yawo ndi chithunzi, tikakolowekeko kutsogolo. Paja anali m'bale wanga weniweni."

Phazi langa linaima pa makina. Kenako ndinamwetulira.

"Mwaganiza bwino, bambo. Ndibweretsa. Mungondipatsa kampata ndidzalankhule m'malo mwa banja."

"Mphindi zisanu," anatero, akutambasula zala.

Masiku otsatira ndinkatseka shopu masana n'kumayenda khomo ndi khomo kwa anthu amene bambo anawapulumutsa. Onse ndinangowapempha kuti adzabwere. Kwa mayi wa saluni ndi kumene ndinakhala pansi.

"Achemwali, inu mukudziwa zimene zinachitika padenga paja."

Anazimitsa chowumitsira tsitsi. "Ndimazilota mpaka lero. Koma nyumba ino ndi ya wapampandoyo. Ndikatsegula pakamwa, mawa katundu wanga ali panja."

"Shopu yanga ndi yaikulu. Ndikankhira makina kukhoma, inu muike kalilole wanu."

"Bambo anu anandizula tsitsi lodzaza dzanja tsiku limenelo," anatero, akuseka misozi ili m'maso. "Ndibwera."

Tsiku la mwambowo holo inadzaza. Yunifolomu ya bambo ndinaisita ndekha, inali pakhoma pambali pa chithunzi chawo. Wapampando anavala suti, mendulo ili lende pachifuwa. Analankhula za ubale wake ndi a Nangula, mpaka anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso mouma. Kenako anandiitana.

Ndinaima kutsogolo, kachikwama kanga kali m'khwapa.

"Ine sindidziwa kulankhula," ndinatero. "Ndingopempha onse amene anakwera chombo cha bambo anga tsiku la madzi lija aimirire."

Anaimirira mmodzimmodzi: wometa, aphunzitsi awiri, agogo ena atagwira ndodo. Ndinawawerenga mokweza.

"Khumi ndi awiri. Koma bambo anapulumutsa khumi ndi atatu. Winayo ali kuti?"

Ndinatembenukira kwa wapampando.

"Bambo, simuimirira?"

"Mwana iwe, chisoni chakusokoneza," anatero, akuyesa kuseka. "Khala pansi."

"Imirirani!" anakuwa mayi wa saluni. "Munali pa denga langa mutakumbatira mlongoti, mukuitana amayi anu. Munandikankhira m'madzi kuti mukwere inu!"

"Bodza limenelo!"

"Si bodza," anatero wometa. "Ine ndinali kale pachombopo. Munandisanzira pamiyendo."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Mlonda naye anaimirira, chipewa chili m'manja. "Loko uja anandipatsa ndi iwowa," anatero. "Anati mdalayo akabwera ndimubweze pamaso pa anthu, kuti asadzabwerenso."

Kuseka kunatha. Akuluakulu a mzinda anayamba kuyang'anizana.

Ndinatsegula kachikwama n'kutulutsa sizasi yanga yodulira nsalu, n'kulunjika kwa wapampando. Azimayi a kutsogolo anakuwa, iye n'kudzikanikiza pampando, maso ali tong'o. Ndinagwira kansalu ka mendulo n'kukadula kamodzi. Chitsulocho chinagwa pa simenti n'kugubuduzikira pansi pa benchi. Palibe anawerama kuti atole.

"Bambo anga anakusungirani manyazi anu mpaka kumanda," ndinamuuza. "Ine si bambo anga."

Ndinatsitsa yunifolomu ndi chithunzi pakhoma n'kutuluka nazo. Theka la holo linanditsatira.

M'mawa mwake katundu wa mayi wa saluni analidi panja. Tinamunyamula pa wilibala kupita ku shopu yanga, maulendo asanu ndi limodzi. Mpaka lero makasitomala anga amadandaula kuti zovala zawo zikununkhira mankhwala a tsitsi. Wapampando anatula pansi udindo sabata yomweyo, ndipo zikwangwani zake za chisankho anazimatula yekha.

Amayi anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu, akundipatsa tiyi, anati, "Bambo ako sakanakondwera nazo."

"Ndikudziwa, amayi."

"Sizasi pagulu! Ukanamucheka bwanji?"

"Ndakhala ndikudula nsalu zaka khumi ndi zisanu. Sindiphonya."

Anatembenukira kuzenera, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Munthu uja amadutsabe mumsewu wathu popita ku sitolo yake. Akayandikira shopu yanga amawolokera tsidya lina, mutu uli pansi. Ine ndimasiya makina, kuima pakhomo, n'kumupatsa moni mokweza kuti msewu wonse umve. Sindibwerera mkati mpaka atayankha.